Logit, probit kapena cloglog pa deta ya malungo a ana m'midzi

Achemwali, mwafunsa kuti pa deta yanu ya ana oyezedwa malungo, pomwe midzi mwaiika ngati random effect (kuti model iganizire kusiyana kwa mudzi ndi mudzi), mutenge logit, probit kapena cloglog (njira zitatu zowerengera mwayi woti mwana ali ndi malungo), popeza AIC (nambala yoonetsa model yomwe ikugwirizana bwino ndi deta) ya zonse zitatu ikungofanana. Mwafunsanso ngati odds ratio ya 2.0 ikutanthauza kuti mwana wosagona mu neti ali pachiopsezo chowirikiza kawiri.

Kufanana kwa AIC kusakudabwitseni. Logit ndi probit zimasiyana kumapeto kokha, pomwe mwayi uli pafupi ndi 0 kapena 1. Pakatipa zimayendera limodzi, ndipo coefficient ya probit mukaichulukitsa ndi 1.6 mufika pafupi ndi ya logit. Ine ndingatenge logit, chifukwa azaumoyo amene adzawerenge lipoti lanu anazolowera odds ratio. Cloglog imathandiza ngati munkatsatira mwana kwa nthawi ndithu kuti muone ngati adwale: mukaika log ya nthawiyo ngati offset, exp ya coefficient imakhala hazard ratio, yoyerekeza liwiro lomwe magulu awiri akudwalira. Inu munayeza kamodzi, ndiye isiyeni.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi 2.0 ija. Odds ratio imayandikira risk ratio, yomwe ndiyo imayerekeza chiopsezo cha magulu awiri, pokhapokha matenda ali osowa, mwina osafika 10 pa 100, ndipo malungo a ana kumidzi kwathu si osowa. Tiyerekeze kuti mwa ana ogona mu neti, 30 pa 100 ali nawo. Odds yawo, kutanthauza odwala 30 kugawa ndi osadwala 70, ndi 0.43, kuwirikiza kawiri ndi 0.86, zomwe zikupereka ana 46 pa 100 mwa osagona mu neti. Chiopsezo chakwera ka 1.5 basi. Mukalemba kuti "kawiri", amene akugawa maneti adzakhulupirira zimene deta yanu sinanene.

Chinanso, odds ratio yochokera mu glmer (ya mu R) kapena melogit (ya mu Stata) imafanizira ana awiri a m'mudzi umodzi, osati ana onse a m'boma. Ya boma lonse imatsikirako. Ngati variance ya midzi ili 1, coefficient imachepa ndi kukhala pafupifupi 0.86 ya momwe inalili, ndipo 2.0 uja amasanduka 1.8. N'chifukwa chake mnzanu wogwiritsa ntchito GEE, njira yofanizira ana onse pamodzi osati a m'mudzi umodzi, adzapeza nambala yotsikirapo, popanda wolakwitsa.

Pa ICC, nambala yoonetsa kufanana kwa ana a m'mudzi umodzi, samalaninso. Variance ya midzi mumaigawa ndi iyo yomwe mutaiphatikiza ndi 3.29 pa logit, 1 pa probit, 1.64 pa cloglog. Pa logit, variance ya 1 imapereka 0.23.

Mukafuna risk ratio yeniyeni, log link ilipo, koma kawirikawiri imakana converge (kufika pa yankho lokhazikika) pakakhala random effects. Chosavuta n'kukhala pa logit, kenako muwerengetse predicted probabilities ndi margins mu Stata kapena marginaleffects mu R, n'kulemba kuti mwa ana 100 ndi angati ali ndi malungo pa gulu lililonse. Mu glmer yesaninso nAGQ = 10, yomwe imachititsa kuti kuwerengera kukhale kolondola kwambiri, ngati midzi ina ili ndi ana ochepa, muone ngati variance isinthe. Tumizani output yanu muno tiyang'ane limodzi.