62 ndi 58: bwanji akuti ndisathamange?

FUNSO: Akonzi, ndikupanga kafukufuku wa ku koleji. Ana 30 aphunzitsidwa masamu ndi njira yatsopano, ena 30 ndi yakale. Oyambawo avareji ya malikisi ndi 62, enawo 58, standard deviation (muyeso wa mmene malikisi amwazikira kutalikirana ndi avareji) mbali zonse ndi 10. Asupavaiza akuti ndisathamangire kulemba zoti yatsopanoyo ndiyabwino. Nanga 62 siyoposa 58?
Wophunzira wothedwa nzeru

YANKHO: Asupavaiza anuwo sakukuvutitsani dala ayi. 62 ndiyoposa 58 inde, koma mutatenga ana 60 ophunzitsidwa chimodzimodzi nkuwagawa pawiri mwachisawawa, ma avareji awo sangafanane ndendende, mbali ina pagwa ana akuthwa mutu ochulukirapo basi. Ndiye funso lenileni nlakuti kusiyana kwa 4 kumeneku sikwangochitika mwamwayi?

Mumayamba mwayerekeza kuti njira ziwirizi nzofanana, ija amati null hypothesis, kenako t-test, njira ya masamu yofanizira ma avareji awiri, ndi imene ikuuzeni ngati manambala anu akutsutsa zimenezo. Tengani standard deviation ija, 10, kuchulukitsa ndi 10, ndi 100, gawani ndi 30 (chiwerengero cha ana pagulupo), teroninso ku gulu linalo, mukaphatikiza mupeza 6.67 ndipo square root yake ndi 2.58. Tsopano 4 uja mgaweni ndi 2.58, t yanu ndi 1.55. Pa mulingo wa 0.05 umene ambiri amatsatira (wolola kulakwitsa ka 5 pa 100 ponena kuti pali kusiyana pamene palibe), t imayenera kudutsa 2, apa sinafike. P-value ili cha m'ma 0.13, kutanthauza kuti njirazo zitakhala zofananadi, kusiyana kotere kapena koposa apa kumatulukabe pafupifupi ka 13 pa maulendo 100 aliwonse.

Koma chonde musakalembe kuti "palibe kusiyana", ambiri amagwa pamenepa. Lembani kuti umboni sunakwane. Anawo akanakhala 100 mbali iliyonse, ndi manambala omwewa t ikanafika 2.83 nkhani nkusinthiratu.

Ma standard deviation akasiyana kwambiri gwiritsani ntchito mtundu wina wa t-test wotchedwa Welch, ndipo akakhala ana omwewo mwawayesa kawiri ndiye mtundu wotchedwa paired t-test.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine si masamuwa koma mmene munawagawira anawo. Ngati gulu lililonse linali ndi mphunzitsi wakewake, mwina mukuyesa aphunzitsi osati njira, ndipo izo t-test singakukonzereni.