Funsani Akatswiri: Madzi akalowa m'zotsalira za nyukiliya, chimayamba kutuluka n'chiyani?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kuno ku Salima. Ana andifunsa za uranium wa ku Kayelekera: akatha ntchito m'ng'anjo za nyukiliya kunjako, zotsalira zake zikakumana ndi madzi zimasungunuka zonse nthawi imodzi?

Yankho: Ayi aphunzitsi, zimatuluka mosiyana, ndipo nkhani yagona pakhungu pa timibulu ta uranium toikidwa m'ng'anjomo. Uranium dioxide (uranium wophatikana ndi okosijeni) amamuumba timibulu ta pafupifupi sentimita imodzi n'kutilonga m'machubu a chitsulo cha zirconium otalika pafupifupi mamita 4. Ng'anjo ikamayaka, pakati pa kambulu pamatentha kuposa madigiri 1,000 pomwe m'mbali muli pafupifupi 400. Kusiyana kumeneku kumang'amba kambulu, ndipo cesium ndi ayodini, zina mwa zobadwa uranium akasweka, zimathawira m'ming'alu ndi mumpata wa pakati pa kambulu ndi chubu.

Chubu chikabooka, izi ndizo zimayamba kutsukika, ngati mchere pa nsomba yoviika m'madzi: mchere wapita, nsomba ili pomwepo. Chotuluka msangachi ndi gawo laling'ono la zonse, koma n'choopsa. Cesium-137 amatha theka pa zaka 30, ndipo dongo lozungulira posungira zotsalirazi limamugwira mwamphamvu. Ayodini-129 ndiye wosowetsa tulo. Theka lake limatha pa zaka 15.7 miliyoni, ndipo m'madzi amakhala ndi chaji ya negetivu yofanana ndi ya khungu la dongo, choncho zimakankhana, iye n'kumangoyenda ndi madzi.

Kambulu keni kenika n'kouma mutu. Popanda okosijeni kamasungunuka pang'onopang'ono kwambiri. Vuto n'lakuti cheza chake chomwe chimaswa madzi n'kupanga mankhwala otchedwa hydrogen peroxide, amene amadya khungu la kambulu monga dzimbiri pa khasu, uranium n'kuyamba kusungunuka. Chodabwitsa, wotchinjiriza ali momwemo: tizitsulo ting'onoting'ono ta ruthenium, rhodium ndi palladium tobadwira m'kambulumo timathandiza mpweya wa haidrojeni, ukakhalapo, kuletsa kudyekako. Ku Onkalo, m'dziko la Finland, kumene akumba mosungira zotsalirazi mamita oposa 400 pansi, migolo yake ndi ya kopa, m'kati chitsulo, kunja dongo la bentonite. Madzi atalowa, chitsulocho pochita dzimbiri chikhoza kutulutsa haidrojeni yemweyo.

Anawo muwauzenso kuti ku Kayelekera kumachoka ufa wa uranium umene sunalowebe m'ng'anjo. Malawi alibe ng'anjo ya nyukiliya. Yopangira magetsi imene ikugwira ntchito kuno kummwera kwa Africa ndi ya Koeberg, pafupi ndi Cape Town.