Khobidi lolakwika: mwalikwecheranji, nanga mwalilemba pati?

Funso: Ndili ndi kabizinesi kakang'ono ndipo tsiku lililonse ndimagwira chenji chambiri. Ndapeza khobidi lomwe zilembo zake zikuoneka ziwiriziwiri. Ndinaona pa Facebook kuti otere amagulidwa ndalama zankhaninkhani. Ndalikwecha ndi kawaya kotsukira mapoto kuti liwale, ndipo ndikufuna kukongola ndalama zolipira munthu amene akuti andipezera wogula. Ndiligulitse pa mtengo wanji? — Wamalonda

Yankho: Achimwene, za mtengo tiike kaye pambali. Mawu amene andidula mtima m'kalata yanu ndi akuti "ndalikwecha". Anthu osonkhanitsa makobidi amafuna nkhope yomwe khobidilo linatuluka nayo kufakitale, ngakhale litathimbirira chotani. Kawaya kamasiya timizere tomwe katswiri amationa akangoika pagalasi lokulitsa zinthu, ndipo mtengo umagwa pomwepo. Lina mukalipeza, ligwireni m'mbali, likulungeni lokha m'kapepala kofewa, basi.

Tsopano kodi lanulo n'lolakwikadi? Khobidi limapangidwa pokanikiza kachitsulo kosalemba pakati pa zidindo ziwiri. Cholakwika chenicheni chimabadwira kufakitale komweko: kachitsulo kukhala pambali chithunzi n'kudindika chopendekera, m'mphepete kudukako ngati mwezi wongooneka kumene, kapena chidindo kung'aluka. Chidindo chong'aluka chimasiya mzere wotukuka pamwamba. Mzere wolowa m'kati nthawi zambiri ndi bala chabe, khobidilo linakandika m'thumba ndi makiyi. Yendetsanipo chala mopepuka, mumva nokha.

Zilembo ziwiriziwiri n'zimene zimapusitsa ambiri. Pa senti ya ku America ya 1955, yosulidwa ku Philadelphia, cholakwikacho chinali pa chidindo chenichenicho, moti chaka ndi mawu akuti LIBERTY zimaoneka kawiri ndi maso okha, zonse zotukuka mofanana. Zomwe anthu ambiri amandionetsa ndi za makina omwe anangogwedera podinda: chilembo chachiwiricho chimakhala chophwatalala ngati kasitepe, ndipo ogula sachilabadira. Ku Britain mu 2008 anaphatikiza chidindo chakale ndi chatsopano, makobidi ena a mapeni 20 (20p) n'kutuluka opanda chaka mbali zonse ziwiri. Amenewo anapezekadi m'chenji. Koma ngakhale iwo sanalemeretse munthu moyo wonse, chifukwa anatuluka ambirimbiri.

Achinyengo nawo sagona. Mu 1943 masenti a ku America anali achitsulo chifukwa kopa ankapita kunkhondo, ndipo ochepa kwambiri anadindidwa pa kopa mwangozi. Anthu amakuta achitsulowo ndi kopa n'kumagulitsa. Maginito amawaulula: likakakamira, n'labodza. Sikelo yaing'ono imathandizanso, poti la kopa limalemera magalamu 3.11 pomwe lachitsulo ndi pafupifupi 2.7.

Munthu wanu uja musamupatse kanthu. Wogula weniweni amaona katundu n'kutchula mtengo, safuna kuti mwini katundu ayambe walipira. Ndiye mukafike mpaka kwa katapila? Tiwerengere limodzi. Mwatenga 100, mubweze 150 pakutha pa mwezi. Wogula sanabwere, ngongole ikuberekana. Mwezi wachitatu yadutsa 300, khobidi lokwechedwa lija likadali m'kabati.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri simunachifunse. Makobidi amene mukupatula poganiza kuti mwina n'ngamtengo, mukuwachotsa m'ndalama za bizinesi. Mwalemba pati? Ndikudziwa, simunalembe. Makalata ngati anuwa ndawerenga ochuluka, ndipo madzulo ndalama zikapanda kukwana amene amakalipidwa ndi mwana wothandiza kugulitsa. Mpamba umatha chonchi, pang'onopang'ono, mwini wake akulumbira kuti sanadyepo. Mukatenga khobidi m'bokosi la malonda, bwezanimo lina lochokera m'thumba mwanu nthawi yomweyo. Gulani kabuku. Lembani tsiku, chaka cha khobidi, kulemera kwake, chomwe mwaona kuti chalakwika, ndipo lijambuleni mbali zonse pafupi ndi linzake labwinobwino. Lembaninso maola. Awiri usiku uliwonse ndi maola 60 pamwezi, ndipo mukudziwa nokha zomwe bizinesi yanu imalowetsa pa ola.

Kusanthula chenji musasiye, ndi ntchito yokoma ndipo diso muli nalo. Zithunzizo tumizani kwa ogulitsa makobidi odziwika awiri kapena atatu omwe sadziwana, ndipo muwauze poyera kuti ili munalikwecha, poti adzaona okha.