Madzi ofiirira a pampopi

Mayi, mwati madzi a pampopi panu akumatuluka ofiirira, okhala ndi tizinyalala, makamaka akabwera atasowa. Nthawi zambiri limenelo ndi dzimbiri ndi dothi lomwe limakhazikika m'mapaipi. Madzi akabwera ndi mphamvu amalitakasa lonse.

Choyamba funsani aneba. Ngati nawonso akuona zomwezo, vuto lili m'paipi yaikulu ya mumsewu, ndipo kauzeni a water board msanga, chifukwa paipi ikaphulika matope amalowa limodzi ndi majeremusi. Ngati ndi inu nokha, ganizirani mapaipi akale achitsulo a m'nyumba mwanu, kapena giza ngati akufiirira ndi madzi otentha okha. Tinthu takuda tofewa kawirikawiri ndi labala ya mumpopi yomwe yatha.

Tsegulani mpopi wapanja, woyandikira mita, mpaka madzi ayere. Muwatungire mu ndowa, mukathirire maluwa. Zovala zoyera musachapire, zimathimbirira.

Chonde ana asamwe madzi amenewa asanayere. Kuwiritsa kumapha majeremusi koma sikuchotsa dzimbiri, ndiye asiyeni adikhe kaye, musefe ndi nsalu yoyera, kenako muwiritse. Akamanunkha ngati chimbudzi, musawagwiritse ntchito n'komwe.