Kodi anthu amaona mtima chifukwa choopa chilango basi?

Achimwene, mwafunsa kuti kodi munthu amachita chilungamo chifukwa choopa kugwidwa basi, moti apolisi atachoka tonsefe tingasanduke akuba? Mbali ina mukunena zoona, koma sindikugwirizana nanu kwathunthu.

Mu 2019 magazini ya Science inatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'mizinda 355 ya m'mayiko 40. Munthu ankalowa m'banki, m'hotela, ku positi ofesi kapena kupolisi, n'kupatsa wogwira ntchito pa kauntala kachikwama, amvekere wakatola panja ndipo ali pachangu, basi n'kumapita. M'kachikwamamo munali kiyi, kapepala kolembapo zinthu zokagula, ndi makadi okhala ndi dzina ndi imelo ya mwini wake. Tina tinali ndi ndalama, tina ayi. Tizikwama tonse tinaposa 17,000. Aliyense angaganize kuti tandalamato ndi timene tinasowa. Ayi ndithu. M'mayiko 38 mwa 40 aja, kachikwama kandalama ndi kamene anthu ankayesetsa kwambiri kubweza. Ku America, Britain ndi Poland ataonjezera ndalamazo, obweza anachulukiranso. Panalibe amene ankawalondalonda. Munthu amaganizira mnzake amene wataya, ndiponso safuna kuti akagona mtima uzimuuza kuti ndi mbava.

Koma chilango chili ndi ntchito yake, apa ndikuvomera. Akazembe a ku United Nations mumzinda wa New York kale sankakakamizidwa kulipira chindapusa akaimika galimoto pamalo oletsedwa. Akatswiri awiri a zachuma, Raymond Fisman ndi Edward Miguel, atawerenga milanduyo anapeza kuti akazembe ochokera m'mayiko monga Norway ndi Sweden pafupifupi sankalakwa n'komwe, pamene ochokera m'mayiko amene ziphuphu zinazika mizu anaunjika milandu yambirimbiri. Mu 2002 mzindawo utayamba kulanda manambala a galimoto za osalipira, milanduyo inatsikiratu. Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti lamulolo lisanakhwime, ngakhale aja ochokera kumayiko a khalidwe labwino ankayamba kulakwa akakhalitsa mumzindamo. Ankaona anzawo akuchita popanda chowachitikira, mtima n'kuyamba kufooka.

Ndiye kwa ine nkhani yagona apa: ambirife timafuna kuchita zabwino, koma timayang'ana kaye ngati anzathu akuchitanso chimodzimodzi. Palibe amene amafuna kukhala yekha wolipira msonkho pamene ena onse akuzemba, kapena kuima pamzere mpaka madzulo uku akuona ena akulowera kukhomo lakuseri. Bungwe lililonse, kaya ndi khoti, chipatala kapena sukulu, limaphunzitsa anthu tsiku ndi tsiku ngati kuona mtima kuli ndi phindu kapena ndi kupusa.

Ndipo likawononga chikhulupiriro, bala lake limatenga mibadwo. Ku Tuskegee, ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972 a zaumoyo a boma ankangoyang'anira amuna akuda mazanamazana odwala chindoko osawapatsa mankhwala oyenera, ngakhale penisilini atapezeka. Boma linadzapepesa mu 1997, kudzera mwa Pulezidenti Bill Clinton, koma mpaka pano nkhaniyi imatchulidwabe anthu akuda a kumeneko akamafotokoza chifukwa chake amakayikira madokotala. Mdzukulu amene sanaone zimenezo amamva kwa agogo ake, n'kuchedwa kupita kuchipatala.

Ine ndinaziona pa kanthu kakang'ono. Tsiku lina ndinapita ku ofesi ina ndi mapepala anga, ndili wokonzeka kumva kuti "mubwerenso mawa". Mayi amene anali pa kauntala anayang'ana fomu yanga, anandilozera ndi cholembera pamene ndinalakwitsa, n'kundipatsa ina yatsopano. Kenako anandiuza mosabisa kuti zitenga masabata awiri, ndipo ndisapatse aliyense ndalama yoti afulumizitse. Panthawiyo kunabwera bambo wina wooneka kuti ndi bwana, akufuna kudutsa ena. Mayiwo anamupatsa moni mwaulemu n'kumulozera kumapeto kwa mzere. Tonse amene tinali pamzerepo tinangokhala chete, koma ndinaona mnyamata amene anali patsogolo panga akubweza m'thumba ndalama imene anali ataipinda kale m'manja. Patatha masabata awiri ndinabwereranso, ndipo mapepala anga ndinawapeza atakonzedwa.