Musasayine kalata yoti mwasiya nokha ntchito pomwe akukuchotsani ndi iwo

Mayi, mwalemba kuti mwagwira zaka 11 kuwailesi ya kanema, poyamba ngati mtolankhani kenako muziwerenga nkhani za madzulo, ndipo sabata yatha a HR (ofesi yoona za antchito) akuitanani nkukuuzani kuti ndalama za otsatsa malonda zatsika ndiye akuchepetsa anthu. Akupatsani kalata yoti musayine pofika Lachisanu, yonena kuti mwasankha nokha kusiya ntchito, ndipo akulonjezani malipiro a miyezi iwiri komanso kuti azikuitanani ngati freelancer, munthu wongolipidwa pa ntchito yomwe amuitanira. Amalume anu akuti sayinani basi, mabwana sakangana nawo. Mukufunsa ngati pali vuto.

Vuto lilipo, ndipo lili pa mawu amenewo oti "mwasankha nokha". Musasayine kaye.

Kuti ndalama zatsika mwina sakunama ayi. Otsatsa malonda anathawira ku Facebook, YouTube ndi TikTok, anthu akuonera nkhani pafoni, ndipo mawailesi akuluakulu omwe akumva kuwawa. BBC World Service inalengeza mu 2022 kuti ichotsa maudindo 382, ndipo wailesi yake ya Chiarabu inatsekedwa mu Januwale 2023 itaulutsa mawu zaka 85. SABC, wailesi ya boma ku South Africa, inasiyana ndi anthu oposa 600 mu 2021. CNN inachotsa anthu pafupifupi 200 kumayambiriro kwa 2025. Ndiye lamulo silikaniza kampani kuchepetsa antchito ikapanikizika. Chomwe limanena nchoti akamatero anene poyera kuti akuchotsa ndi iwo, apereke chifukwa chomveka, atsate ndondomeko, alipire zoyenera. Mgwirizano nambala 158 wa mu 1982 wa ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, ndi umene unayala zimenezi: chifukwa chenicheni, kukambirana ndi oimira antchito, notisi, ndi ndalama yosiyanirana. Simunanene dziko lomwe mukugwirako ntchito, ndiye ndizitchula malamulo a mayiko angapo, inu mutengepo lanu.

Tsopano nayi mbuna yomwe ndaona ikumeza milandu yabwinobwino. Munthu akachotsedwa ntchito nkukadandaula, amene amayenera kutsimikizira khoti kuti panali chifukwa ndi bwana. Ku Malawi zili mu gawo 61 la Employment Act ya 2000, bwana akalephera kusonyeza chifukwa khoti limatenga kuti munthuyo anachotsedwa mopanda chilungamo, komanso ayenera kusonyeza kuti anachita mwachilungamo pochotsapo. Inu ntchito yanu imangokhala kusonyeza kuti munachotsedwa. Koma mukangosayina kuti mwasiya nokha katundu yense uja amatembenukira pamutu panu, chifukwa loya wa kampani sadzayamba nkomwe kufotokoza za ndalama za otsatsa malonda, adzangotulutsa pepala limodzi nkufunsa kuti siginecha iyi ndi ya ndani, inu muvomere kuti ndi yanu, afunsenso ngati munawerenga musanasayine, inu munthu woti mumawerenga nkhani pakanema tsiku ndi tsiku simunganene kuti simunamve Chingerezi chake, afunse ngati wina anakuopsezani, inu muziti ayi koma anandiuza kuti ndikapanda kusayina sindilandira kalikonse, iye nkufunsa kuti zimenezo zinalembedwa pati. Sizinalembedwe paliponse. Zinanenedwa muofesi chitseko chili chotseka, munalimo inu ndi anthu awiri omwe mpaka lero akulandirabe salale kukampani komweko.

Njira yoti munene kuti anakukakamizani kusiya ilipo, ku Malawi ndi gawo 60, maloya amati constructive dismissal. Ena amapambana nayo. Koma ndi njira yokwera, umboni wonse ufunika uchokere kwa inu, ndipo sindingakulonjezeni kuti khoti lidzakhulupirira mawu apakamwa kusiya pepala losayinidwa.

Tiwerengere ndalamazo kuti muone chomwe akukugulani nacho. Ku Malawi severance allowance, ndalama yosiyanirana ija, malingana ndi kusintha kwa lamulo kwa mu 2010, ndi malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse pa zaka 5 zoyamba, masabata 3 pa chaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka kuyambira cha 11. Zaka zanu 11 ndiye kuti 10 kuphatikiza 15 kuphatikiza 4, masabata 29. Miyezi iwiri yomwe akukupatsaniyo sikwana nkomwe masabata 9. Ku South Africa lamulo limati osachepera sabata imodzi pa chaka, ndiye masabata 11, omwenso akuposa zomwe zili mukalatamo. Ndipo ndalama imeneyi imaperekedwa kwa munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena wachotsedwa mopanda chilungamo, wosiya yekha salandira. Notisi ndi yapadera, masiku a tchuthi omwe simunapite ndi apaderanso. A HR zimenezi amazidziwa bwinobwino, ndipo chimandinyansa nchoti amaziika patebulo ngati akukuchitirani chifundo, amvekere tikufuna mbiri yanu isaipe. Kuchotsedwa chifukwa kampani yachepetsa anthu si mlandu, sikuipitsa mbiri ya munthu aliyense.

Musandimve molakwa, mapakeji osiyanirana mwakufuna alipo ndipo ena ndi abwino ndithu, ku SABC kuja ambiri mwa omwe anachoka anasankha okha pakeji. Kusiyana kwake nkoti pepala limanena poyera kuti kampani ikuchepetsa antchito ndipo ndalama yake imafanana kapena kuposa ya lamulo. Mayiko ena anaona kale kuti munthu woopsezedwa ndi Lachisanu amasayina chilichonse. Ku Britain pangano lotaya ufulu wokasuma siligwira ntchito ngati munthuyo sanalandire kaye upangiri kwa loya kapena mlangizi wovomerezeka woima payekha. Ku America, lamulo la mu 1990 limapatsa wa zaka 40 kupita m'mwamba masiku 21 oganizira asanasayine zotaya ufulu wosuma pa tsankho la msinkhu, masiku 45 ngati akuchotsa gulu, ndi masiku 7 oti asinthe maganizo atasayina kale. Komwe kulibe chitetezo chotere muyenera kudzipatsa nokha nthawiyo. Ayankheni polemba, mwaulemu, mizere itatu yokha: kuti mwalandira kalata, kuti inu simunapemphe kusiya ntchito, komanso kuti ngati kampani ikuchepetsa antchito ikupatseni kalata yonena zimenezo ndi ndondomeko ya zonse zomwe mukuyenera kulandira. Sungani kope yokhala ndi deti, ndipo mawa lake mupite kuntchito ngati kale, musajombe, angadzanene kuti munathawa ntchito.

Za amalume. Ndikudziwa akukufunirani zabwino, koma iwo sadzakhalapo pomwe loya akukufunsani za siginecha ija. Kufunsa zomwe lamulo linakupatsani si kukangana ndi mabwana, ndipo achibale ambiri amene amati ingosayinani ndi omwewo amadzabwera pakatha chaka nkumafunsa kuti kodi palibe chomwe tingachite.

Lonjezo la freelance lija ndilo limatsekera anthu pakamwa mpaka nthawi yodandaula itatha. Amakuitanani kawiri katatu mwezi woyamba, inu muziti ndikadandaula asiya kundiitana, kenako foni imangoti zii. Nthawi siidikira. Ku Malawi gawo 62 limapereka miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule kwa a labour a m'boma lanu, ndipo akalephera kuthetsa nkhaniyo pa mwezi umodzi itha kupita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya zantchito. Ku South Africa ndi masiku 30 okha kuti ikafike ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito kumeneko. Kupempha kuti akulandireni mochedwa kumatheka nthawi zina koma musadalire zimenezo. Ndipo kuofesi ya labour kumeneko musalole kumangouzidwa kuti bwerani sabata yamawa fayilo sikuoneka, perekani dandaulo lolemba, akudindireni kope yanu, mwezi ukatha pemphani kalata yopitira kukhoti. Komanso funsani funso ili: ngati nkhani za madzulo ziziwerengedwabe ndipo akufuna muziwerenga inu nomwe koma pa mtengo wa freelance, udindo wanuwo wathadi? Funso limeneli lili ndi mphamvu kukhoti, koma mphamvu yake imaoneka ngati simunasayine kuti mwachoka nokha.

Kumbali ina samalani. Akakupatsani ntchito ina yeniyeni pamalo pomwepo, ya malipiro ndi mfundo zosachepera zakale, inu nkuikana popanda chifukwa chomveka, severance mutha kuitaya, ku Malawi ndi ku South Africa komwe. Kumangoitanidwa akafuna sikufika pamenepo.

Zina zotsalazi ndizinena mwachangu. Tengani kope ya kontrakiti yanu, mapeyisilipi, ndi buku la malamulo a kampani lero lomwe, chifukwa imelo ya kuntchito amatseka tsiku lomwelo, koma mafayilo a kampani ndi mavidiyo osaulutsidwa musakhudze, mungawapatse chifukwa chatsopano chokuchotserani. Funsani polemba kuti anasankha bwanji oti achoke. Ngati pamndandandapo padzadza amayi oyembekezera, a yuniyoni kapena omwe analemba nkhani yokwiyitsa akuluakulu, imeneyo ndi nkhani ina yaikulu, muuze loya wanu. Nkhani yokambirana ndi antchito ku South Africa ili mu gawo 189 la Labour Relations Act, ku America makampani a antchito 100 kupita m'mwamba amapereka notisi ya masiku 60 pochotsa gulu lalikulu pansi pa WARN Act ya 1988, pomwe ku Malawi makhoti sanayankhule mofanana nthawi zonse pa mfundo imeneyi ndiye mlandu wanu musauimike pa iyo yokha. Penshoni ndi yanu, si gawo la pakeji, pemphani sitetimenti kwa osunga penshoni muone ngati zomwe ankadula pasalale zinkafikadi. Werengani bwino kontrakiti ngati muli mfundo yokuletsani kugwira ntchito kuwailesi ina kapena yonena kuti dzina la pulogalamu ndi tsamba lake la Facebook ndi za kampani, musanatsegule chanelo yanu ya YouTube. Anzanu a makamera ndi ena omwe akhala pa makontrakiti a chaka chimodzichimodzi kwa zaka zambiri asaganize kuti alibe chawo, gawo 28 la lamulo la Malawi limati kontrakiti ya nthawi yochepa yodzaza udindo wokhazikika imatengedwa ngati yopanda malire. Ndipo musalembe zokwiya pa intaneti pano, zimadzawerengedwa kukhoti.

Akakupatsani cheke cha ndalama zomwe palibe akuzitsutsa mutha kulandira, koma yang'anani ngati pali mawu oti "full and final settlement", kutanthauza kuti nkhani yonse yathera pomwepo, musasayine pansi pake loya asanaone, kapena lembani pambali kuti mwalandira popanda kutaya ufulu wodandaula. Ngati ya loya palibe, pitani ku yuniyoni yanu kapena ku bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu, ku Malawi ndi Legal Aid Bureau, ndipo mupite ndi kalata ya HR ija Lachisanu lisanafike.