Jumbo la mapiritsi a amayi, ndi funso la achemwali a ku Indianapolis

Sabata yatha ndalandira imelo ya achemwali ena okhala ku Indianapolis. Amayi awo ali ndi zaka 74, ali pa Medicare, inshuwalansi ya chipatala imene boma la America limapereka kwa okalamba, ndipo akusakasaka dokotala wa okalamba amene sawabweza pakhomo chifukwa cha inshuwalansi ya boma. Funso ndi lomwelo. Koma ndaliwerenga katatu, poti landikumbutsa usiku wina wa chisanu umene ndinakhuthulira jumbo la mankhwala a amayi anga patebulo la kukhitchini.

Mabotolo analipo 11. A BP, a shuga, a nyamakazi ya m'maondo, a chilungulira. Wa mtima analemba ake, wa mafupa ake, wa impso ake, ndipo palibe amene ankadziwa zimene mnzake walemba. Pamwamba pa zonsezo ine ndemwe, mwana wawo wopita kusukulu, ndinkawagulira timapiritsi togonetsa tapashelefu, tija tosafuna kalata ya dokotala.

Amayi anali atayamba kuiwalaiwala. Ankateleka ndiwo n'kukagona. Ankafunsa ngati bambo abwerako kumunda, bambo amene tinawaika kalekale ku Ntcheu. Tsiku lina anagwa m'bafa. Nditaimbira achimwene kumudzi, anangoti, "Ndi ukalamba umenewo mlongo, ungovomereza." Ndipo ndinavomerezadi, miyezi ingapo.

Mawu amenewa ndimadana nawo tsopano. Kwathu gogo akayamba kuyankhula yekha usiku kapena kusochera pamudzi pake pomwe, manong'onong'o a ufiti amayamba, ndipo tonse tikudziwa kuti agogo ena aphedwa chifukwa cha zimenezi. Ife a kunja timadziona ngati ozindikira poti sitinena za ufiti. Timati ukalamba. Koma mapeto ake ndi amodzi: tasiya kufunsa chimene chavuta.

Dokotala wa okalamba tinamupeza titadikira nthawi yaitali. Mtsikana ndithu, msinkhu wa mng'ono wanga. Anatiuza kuti tibwere ndi chilichonse chimene amayi amamwa, ngakhale ufa wa moringa umene azakhali anatumiza. Anandanda mabotolo aja limodzilimodzi, kenako anatola togonetsa tanga tija n'kundiyang'ana. Munali diphenhydramine. Mankhwala amenewa ali pamndandanda wa Beers, wa mankhwala oyenera kusamala nawo kwa okalamba, umene dokotala Mark Beers anayamba kulemba mu 1991. Amabalalitsa mutu wa munthu wamkulu ndi kumugwetsa. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo! Dokotala wathu uja anachepetsanso mankhwala amodzi a BP amene ankawachititsa chizungulire akamadzuka. Amayi sanabwerere mwakale, ayi, koma anasiya kufunsa za kumunda.

Ndiye achemwali, ndikuuzeni mosapita m'mbali: vuto lanu si Medicare kwenikweni. Dokotala wa okalamba akakana Medicare adya chiyani, pamene odwala ake pafupifupi onse ndi a zaka 65 kupita mtsogolo? Vuto ndi loti madokotalawa ndi ochepa. America yonse ili nawo pafupifupi 7,000, okalamba ali oposa 55 miliyoni. Achinyamata a udokotala saithamangira ntchitoyi chifukwa kuno ndalama zili pa opaleshoni ndi pa makina, osati pokhala ola lonse kumvetsera gogo akufotokoza za maondo. Zimandinyansa, koma ndi mmene zilili.

Tsono muchite chiyani?

Yambani mwayang'ana khadi ya inshuwalansi ya amayi anu. Ngati ndi ya boma ija yofiira, yoyera ndi yabuluu yokha, lowani pa medicare.gov, pa Care Compare, pofufuzira madokotala, lembani geriatric medicine (udokotala wa okalamba), ndipo sankhani amene amalandira mtengo umene Medicare yaika. Ngati ali pa Medicare Advantage, ya kampani, imbani nambala ya kumbuyo kwa khadiyo, poti nthawi zambiri mumayenera kupita kwa madokotala a pamndandanda wawo. Yesani zipatala za mayunivesite, ndi alangizi aulere a SHIP, ndondomeko ya boma yolangiza anthu za Medicare. Mzere ukatalika, lembetsanibe, koma musakhale pansi: tengani jumbo lonse mupite nalo kwa dokotala wawo wa masiku onse kapena kwa wa ku famase, aone zimene zikulimbana. Musawasiyitse mankhwala panokha.

Ndipo mukalowe nawo m'chipinda cha dokotala. Amayi anga ankadandaula m'galimoto njira yonse, mwendo, msana, tulo, koma dokotala akangofunsa kuti muli bwanji, ankakonza duku n'kuyankha kuti ali bwino kwambiri, kaya iyeyo. Ndinachita kuyamba kulemba madandaulo awo pakapepala tikaima pa maloboti.